Ulendo wa ku Kariba: tipite kapena tingothera pa Tedzani?

Kondwani (rep wa chaka chachinayi): Akuluakulu ndi anzanga nonse moni. Nkhani ya ulendo ija yabweranso. Dipatimenti yavomera kuti tipite ku Zambia pa tchuthi cha pakati pa semesita, tikaone malo opangira magetsi a madzi ku Kafue Gorge kenako damu la Kariba mbali ya Siavonga. Sukulu ipereka basi ndi dalaivala, koma mafuta, chakudya ndi pogona tidzionera tokha, bajeti ndi ija ndinaponya m'mawa. Vuto kalasi yagawikana, ena akuti tipite ena akuti tingopita ku Nkula ndi Tedzani m'mawa n'kubwerako madzulo nkhani yatha. Ndabweretsa kuno poti muli akale amene munapitako, tithandizeni maganizo, ndipo amene Mulungu wakukhudzani mutha kutithandizanso ndi kangachepe kkkk

Fada Zex: Mwayamba bwino mwamaliza ndi mbale ya chopereka, rep iwe ukanangopita ku ubusa

Mwiza: Ine ndili mbali ya okana ndipo sindibisa. Ndalama imene yalembedwa pa bajetipo ena a ife ndi ya chakudya cha semesita yonse. Tili pa loni, alawansi imabwera mochedwa, lendi ya kuhositelo ya kunja ikutidikira, nde munthu ukauze mayi ako kumudzi kuti agulitse mbuzi kuti iwe ukaone khoma la simenti? Tebaini ndi tebaini, ya pa Tedzani imazungulira chimodzimodzi ndi ya ku Kariba.

Thoko B: Komanso tisanamizane apa, theka la amene akukuwa kuti tipite akufuna zithunzi za pa Facebook. Dzulo lomweli wina amafunsa ngati tingadutse ku Livingstone kukaona mathithi, pomwe Livingstone ili pafupifupi makilomita 480 kuchoka mu Lusaka ndipo njira yake ndi ina

Fada Zex: Wina ameneyo ndi ine ndipo ndikufunsabe

Madala Gondwe: Ana anga, ndawerenga. Iwe Mwiza za ndalama wanena zoona ndipo tibwererapo, koma zoti tebaini ndi tebaini ndikukanira. Ku Kariba simukupita kukaona tebaini. Mukupita kukaona chinthu chimene kuno kulibe, kusunga madzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amadalira madzi amene Shire wabweretsa tsiku limenelo, timadamu take ndi tating'ono, mtsinje ukachepa magetsi achepa, ukabwera ndi zinyalala ndi matope makina aima. Chimene chimatisungira madzi ife ndi nyanja ya Malawi yeniyeniyo, ndipo chogwirira chathu ndi baraji ya pa Liwonde yokha ija ya 1965. Pomwe ku Kariba anthu anatseka Zambezi ndi khoma lotalika mamita 128, lopindika ngati uta, n'kupanga nyanja yosunga madzi ambiri kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu padziko. Zimenezi m'buku mumaloweza n'kukhoza mayeso, koma ukaima pamwamba pa khomalo, mbali ino madzi ali pafupi, mbali inayo phompho, m'pamene umamvetsa chifukwa chake linapindikira ku madzi ndi chifukwa chake amene akunyamula katundu yense ndi miyala ya m'mbali mwa chigwacho.

Mwiza: Madala ndakumvani koma YouTube iliko

Madala Gondwe: YouTube siyankha funso mwana wanga. Injiniya amene akuyendetsa siteshoni ukamupeza pa shifiti amakuuza zimene sizilembedwa.

Chisomo wa ma transformer: Ndiwonjezere pa zimene anena madala. Ife tinapita tili chaka chomaliza ndipo chimene chinandikhala m'mutu mpaka lero ndi ichi, nyanja yonse ija yaikulu choncho, madzi amene amagwira ntchito yopanga magetsi ndi a pamwamba okha, pakati pa mamita 475.50 ndi 488.50. Mamita 13 basi. Akatsika kupyola pamenepo nyanja imaoneka yodzadza ndithu, maboti akuyenda, asodzi akugwira kapenta, koma magetsi kulibe. Nde chilala cha 2024 chija anzathu a ku Zambia amakhala maola oposa 20 opanda magetsi pa tsiku pomwe makina a 1,080 MW ali chikhalire ku North Bank, siteshoni ya mbali ya Zambia. Munthu wa engineering ukaziona zimenezi umasiya kuganiza kuti damu lalikulu ndi yankho la chilichonse

Thoko B: Nde ngati nawonso amagona mumdima tikukaphunzirako chani, kuyatsa kandulo?

Chisomo wa ma transformer: Kkkk chemwali, phunziro ndi lomwelo. Ife namondwe Ana atagumula Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi 130 MW tsiku limodzi chifukwa cha madzi ochuluka, iwo anataya chifukwa cha madzi ochepa. Tonse tinaika mazira pa mtsinje. Ndipo musaiwale kuti Shire yemweyu anasiyapo kutuluka m'nyanja kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1930, funsani a lekichala anu a hydrology. Inu ndi amene mudzakhale mukuyendetsa siteshoni ya Mpatamanga pa Shire ikadzamangidwa, bwanji osakaona kaye anzanu mmene amagawanirana madzi, poti kumeneko Zambezi River Authority ndi imene imauza ZESCO, kampani ya magetsi ya ku Zambia, ndi anzawo a ku Zimbabwe kuti chaka chino aliyense agwiritse madzi ochuluka bwanji, ndipo wina akadya gawo lake msanga amauzidwa kuti achepetse

Fada Zex: "Tinaika mazira pa mtsinje" bwana mwambi umenewu ndi wa kwanu kuti

Chisomo wa ma transformer: Wa ku Ntcheu, sunafike

Anaphiri (Area 25): Ine ndilankhule ngati kholo, mwana wanga ali m'kalasi lomwelo ngakhale sakuyankhula pano akudziwa kuti ndilimo. Sinditsutsa ulendo. Funso langa ndi loti atsikana agona kuti, ndipo pa aphunzitsi amene akupita pali wamayi? Nthawi yathu tinapita ulendo ngati womwewu aphunzitsi onse aamuna, usiku aliyense kwake, ana a eni kumangoyendayenda m'tauni yachilendo. Chachiwiri wina akadwala malungo kumeneko alipira ndani, pakuti ku Siavonga n'kotentha kwambiri ngati kwathu ku Chikwawa ndipo udzudzu ndi wosayamba. Kondwani undiyankhe bwinobwino osati za kkkk

Kondwani (rep): Mayi zikomo. Apita aphunzitsi awiri ndi a technician a ku labu amene ndi amayi. Pogona tikukambirana ndi loji ina ku Siavonga zipinda za anthu anayianayi, atsikana mbali yawo. Za kudwala sitinaganizepo kunena zoona, ndilemba

Anaphiri (Area 25): Lemba. Ndipo aliyense anyamule neti, asaone ngati n'zachimidzi

Dalitso (Lusaka): Ndangolowa kumene ndawerenga zonse. Ine ndili kuno ndiye ndikuuzeni za njira poti bajeti yanu ndaona mwalemba ngati muchoka m'mawa n'kukagona ku Siavonga tsiku lomwelo. Sizitheka. Lilongwe mpaka Mchinji ndi pafupi inde, boda ya Mwami pano ndi ya malo amodzi kuchokera 2022, simutsikanso kawiri, koma basi ya anthu ambiri chonchi kudinditsa mapasipoti onse kuphatikiza mapepala a galimoto muwerengere maola. Kenako Chipata mpaka Lusaka ndi makilomita oposa 550, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, ndipo mukadutsa Nyimba kulowera ku mlatho wa Luangwa msewu ndi wokhotakhota wa m'mapiri, mathiraki amagwa kawirikawiri, musalole dalaivala adutsepo usiku olo atanena kuti amaidziwa njira. Gonani mu Lusaka. Tsiku lotsatira Kafue Gorge, kenako Siavonga ndi pafupifupi makilomita 200 kuchoka mu Lusaka, mumatsata msewu wa ku Chirundu n'kukhota musanafike pa boda, nakonso kuli zitsetse zoopsa mabuleki akhale abwino

Dalitso (Lusaka): Basi ikhale ndi Yellow Card ya COMESA, inshulansi ija, ndi kalata ya sukulu yololeza dalaivala kutuluka nayo m'dziko. Viza simufunika. Koma pasipoti ikhale yamoyo, osati munthu kutulukira pa boda kuti inatha chaka chatha

Thoko B: Apo nde mwafika pa bala. M'kalasi mwathu amene ali ndi pasipoti sakwana theka. Ndekuti pa bajeti ija muwonjezerepo mtengo wa pasipoti ndi masiku oima pa mzere

Kondwani (rep): Ndiye chifukwa chake ndikufuna tigwirizane sabata ino, kuti sukulu itilembere kalata imodzi ya gulu tikaperekere limodzi. Tikachedwa palibe chimene chichitike

Fada Zex: Achimwene a ku Lusaka, nanga chilankhulo? Chingerezi changa chimathera pa viva

Dalitso (Lusaka): Kuyambira Mwami mpaka Lusaka uzingoyankhula ngati uli pa Lizulu, akumva. Pa Katete mudutsa pafupi ndi Mkaika kwa Gawa Undi komwe kumachitikira Kulamba, ndi kwanu komwe. Mu Lusaka adzangoseka kuti ukuyankhula ngati m'Baibulo. Ku Siavonga ndi kwa Atonga, koma asakunamize mnzako wa ku Nkhata Bay kuti akhala womasulira, Chitonga chake ndi china

Mwiza: Chabwino zonsezi n'zokoma koma palibe wayankha funso langa. Amene alibe ndalama atani? Chifukwa ndamva kuti ripoti ya ulendowu ili ndi malikisi. Ndekuti wosauka alephere kosi chifukwa sanakwere basi?

Kondwani (rep): A lekichala anati amene sapita alemba asayimenti ina

Mwiza: Eya, olemera akadye nsomba ku Siavonga osauka atsale mu laibulale. Kalasi imodzi, digiri imodzi. Ine chimene chikundiwawa si kutsala, koma kuti pa intaviyu mawa wina adzati ndinalowapo mu powerhouse ya pansi pa nthaka ine ndidzati ndinawerenga

Madala Gondwe: Apa ndiye mwanayu wagunda mfundo, ndipo wadziyankhanso yekha kuti ulendowu uli ndi phindu. Ine maganizo anga ndi awa, ulendo wa sukulu umene uli ndi malikisi, apite onse kapena asapite aliyense. Zosiyana m'kalasi chifukwa cha thumba ndi zoipa. Ndipo ife akale tisamangolemba ndime zazitali pano, tili anthu ambiri m'gulu muno amene tikulandira malipiro chifukwa cha dipatimenti yomweyo.

Fada Zex: Gulu lati ziii

Chisomo wa ma transformer: Kkkk anthu azimitsa data. Ine ndilipirira mmodzi pogona ndi chakudya. Koma ndalama isadutse m'foni ya rep, pepani a rep si kuti ndinu wakuba, koma tinaonapo zinthu. Pakhale anthu atatu osayinira ndipo malisiti aziponyedwa pano

Kondwani (rep): Sindikudandaula bwana, ineyo ndimene ndikupumula

Anaphiri (Area 25): Ine ndipereka thumba la mpunga ndi nyemba. Anyamule mapoto aziphika okha, zodya m'malesitilanti ndi zimene zikukweza bajetiyo. Koma fufuzani kaye ngati pa boda amalola kulowa ndi zakudya zouma zochuluka choncho, zikavuta ndipereka ndalama mukagule ku Chipata

Dalitso (Lusaka): Gulani kuno mayi, musavutike ndi mafunso a pa boda. Nkhani ina ndi ya ndalama. Kwacha ndi dzina lokha lofanana, ya kuno ndi yolemera kutalitali ndipo chigwetsereni yathu ndi 44% mu November 2023 munthu ukasintha umatsala ndi timapepala tochepa mpaka kukayika ngati sanakubere. Anyamata osintha ndalama pa boda ali ndi manja othamanga, amawerenga pamaso pako bwinobwino koma ukafika m'basi zaperewera. Musasinthe aliyense payekha. Yambani msanga kupempha ku banki ndi kalata ya sukulu, poti forex mukuidziwa mmene ikuvutira, ndipo zina monga loji ndikhoza kulipira ine kuno inu n'kupatsa mayi anga ku Kasungu, tonse tapindula

Thoko B: Achimwene mwapezerapo njira yotumizira ndalama kumudzi kkkk

Dalitso (Lusaka): Ndine injiniya chemwali

Yoha wa Civil: Ndilowerere ngakhale ndine wa civil. Mukapita musakangothamangira ku ma jenereta, mukafunse za dzenje la kunsi kwa khoma. Madzi otuluka pa zitseko zisanu ndi chimodzi zija akhala akukumba mwala kwa zaka zambiri mpaka dzenje linafika pafupifupi mamita 80 kuya, ndipo mantha anali oti lipitirira kudya chobwerera kumaziko a khoma. Nde anachita kutseka mtsinje kunsi, kupopa madzi, n'kuphwanya miyala kulikulitsa dzenjelo kuti mphamvu ya madzi izithera kutsogolo. Ntchito ngati imeneyi simudzaionanso kwina. Ndipo khoma limenelo likanati ligumuke madzi ake akanatsikira ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique mpaka kunsi kwa Zambezi komwe Shire amakathira, nde musaone ngati ndi nkhani ya eni

Madala Gondwe: Si ya eni ndithu, ngakhale pa mbiri. Damulo linamangidwa 1955 mpaka 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ife tili momwemo. Kampani inali ya ku Italy koma manja ambiri anali a anthu akuda ochokera m'maiko atatuwa, a kwathu kuno analiponso, ndipo anthu oposa 80 anafera pa ntchitoyo. A Northern Rhodesia amafuna damu limangidwe pa Kafue, boma la ku Salisbury (Harare wa lero) linasankha Kariba n'kuika siteshoni yoyamba mbali yawo ya kummwera. Ya mbali ya Zambia inadzabwera m'ma 1970. Ife a Nyasaland sitinaone ngakhale babu limodzi kuchokera kumeneko, Nkula A tinadzayatsa 1966 titalandira kale ufulu. Agogo anu akamati chitaganya chinali cha azungu a ku Salisbury, china amanena ndi chimenechi.

Madala Gondwe: Ndipo pali china chimene ma injiniya timakonda kulumpha. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Gwembe mbali zonse ziwiri, kusiya minda ya m'mbali mwa mtsinje imene amalima kawiri pa chaka, kusiya manda a makolo. Mu 1958 anthu a mfumu Chipepo atakana kusamuka apolisi anawombera n'kupha anthu 8. Ambiri anakatayidwa ku Lusitu, ndipo Lusitu mudzadutsa pomwepo popita ku Siavonga, mudzaone nokha mmene nthaka yake inaguga. Nyama zinapulumutsidwa ndi maboti dziko lonse n'kuombera m'manja Operation Noah, anthu anakwezedwa m'malole. Rep, uwauze a lekichala basi ikaime pa Lusitu ngakhale ola limodzi, ana akacheze ndi anthu mwaulemu, akayambe kwa amfumu. Tsiku lina mmodzi wa inu adzasayina pepala losamutsa mudzi.

Thoko B: Izi nde sanatiphunzitse. Ife timangowerengera head ndi flow rate

Mwiza: Madala mwandisokoneza tsopano. Ngati pulogalamu ili choncho ine ndikufuna kupita, koma mfundo yanga sindisintha, onse kapena palibe

Fada Zex: Nanga Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi uja, tikamuona? Amati ndi iyeyo anabweretsa madzi osefukira a 1957 ndi 1958 aja atakwiya kuti amulekanitsa ndi mkazi wake

Yoha wa Civil: Madziwo anabweradi zaka ziwiri zotsatizana n'kuononga ntchito, za mkaziyo ukafunse wekha. Koma ndodo zosema za Nyaminyami amagulitsa, ugule uziyendera pa graduation

Chisomo wa ma transformer: Zina zing'onozing'ono rep. Lemberani ZESCO ndi Zambezi River Authority padera, ndi maofesi awiri, wina ndi mwini siteshoni wina ndi mwini khoma, ndipo kalata ipite ndi mayina onse ndi manambala a mapasipoti masabata angapo zisanachitike. Musangotulukira pa geti. Nsapato zotseka, majombo kwa amene ali nawo, za masilipasi akubwezani. Helimeti nyamulani za ku workshop. Pamwamba pa khoma ndi boda ndiye pasipoti ikhale m'thumba, ndipo zojambula funsani kaye, malo ena saloleza. Ku Kafue Gorge kuli sukulu ya za magetsi a madzi, Kafue Gorge Regional Training Centre, ma injiniya ambiri a kuno anakaphunzirako, afunseni ngati angakugonekeni zingatchipe kusiyana ndi Lusaka. Mukaona siteshoni yakale ya 990 MW ndi yatsopano ya 750 MW pa mtsinje umodzi, kuphatikiza ziwirizo mwapyola kutali magetsi onse amene Malawi amapanga

Anaphiri (Area 25): Ndipo mowa ayi. Ndikudziwa zimene zimachitika kumpando wakumbuyo kwa basi, ndinakhalako. Kunyanjako kuli ng'ona ndi mvuu, wina asakaledzere n'kumati akasambe usiku

Fada Zex: Mayi mwandiyang'ana ine bwanji

Anaphiri (Area 25): Ndakutchula?

Thoko B: Ine ndatsalabe pakati. Tedzani tisaitaye, n'zochititsa manyazi kukafika ku Kariba usanalowepo mu siteshoni ya kwanu, akakufunsa kuti kwanu mumatani ndi namasupuni pa intake polowera madzi iwe kukamwa yasa

Madala Gondwe: Thoko wanena bwino. Yambani Liwonde ndi Tedzani Loweruka lina, n'zotchipa, mukhale ndi chofananitsa. Kalata ya ku EGENCO ndikuthandizani kulemba.

Kondwani (rep): Chabwino ndamanga motere. Mawa ndikumana ndi a HOD, akulu a dipatimenti, ndiwauze kuti kalasi ikufuna onse apite, ndipo ngati chopereka cha akale sichikwana pofika kumapeto kwa mwezi uno tisiya za Zambia tipite Tedzani yokha, asayimenti ikhale imodzi kwa aliyense. Livingstone yachotsedwa, Lusitu yalowa. Amene alibe pasipoti andipatse mayina ku inbox pofika Lachisanu, amene akufunika thandizo alembere mayi Anaphiri mwachinsinsi osati pagulu. Osayinira akaunti ndikupempha madala Gondwe, bwana Chisomo ndi Mwiza

Mwiza: Ine? Ndimatsutsa ine

Chisomo wa ma transformer: N'chifukwa chake

Fada Zex: Za Livingstone tivote kaye abale

Kondwani (rep): Yachotsedwa Zex. Bwana Dalitso nditumizireni nambala ya loji ija ndi mtengo wa dizilo kumeneko ndikonzenso bajeti usiku uno